Mastazi ya psychology ku Harare: kodi imamufikitsa munthu pa uphunzitsi wa pa yunivesite?

Ana a kwathu a m'malokeshoni a mu Harare monga Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku amene amaliza digiri yoyamba ya psychology amafunsa funso limodzimodzi: ndikalembetsa mastazi konkuno, kodi ndidzalembedwa ntchito yophunzitsa pa yunivesite? Inde n'zotheka, koma si mastazi iliyonse imene imakafikitsa kumeneko. Ina imakonzekeretsa munthu kukhala pansi ndi wodwala kapena kulangiza anthu pa ntchito, ina imamusula kuti akhale wofufuza, wolemba ndi wophunzitsa. Pa satifiketi mayina ake amafanana, n'chifukwa chake ambiri amadzazindikira kusiyanako fizi atalipira kale.

Malo ophunzirira alipo angapo. Yakale kuposa onse ndi University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, imene inayamba ndi dzina lakuti University College of Rhodesia and Nyasaland ndipo ophunzira ake oyamba analowa m'kalasi mu 1957. Sukulu yake ya zachipatala ili pa chipatala cha Parirenyatwa, ndipo mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso. Palinso Women's University in Africa imene inatsegulidwa mu 2002 ndipo imalandira amuna omwe, Zimbabwe Open University ya ophunzira ali kunyumba imene inayamba mu 1999, ndi Midlands State University ya ku Gweru imene ili ndi nthambi mu Harare muno. Mayina a maphunziro amasinthasintha, makamaka chiyambireni ndondomeko ya boma ya Education 5.0, choncho musadalire zimene anakuuzani msuweni wanu amene anamaliza zaka zisanu zapitazo. Pezani kabuku ka maphunziro ka chaka chino, ndipo mufunse ngati pulogalamu imene mukuifunayo ndi yovomerezedwa ndi ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi mastazi ya m'kalasi: mumaphunzira makosi, kulemba mayeso, kenako kumapeto n'kulemba dissertation, lipoti la kafukufuku wanu. Imatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo masukulu ena amaiphunzitsa Loweruka ndi Lamlungu kapena kwa milungu yowerengeka motsatizana kuti apantchito asasiye ntchito. Amene akufuna kulembetsa ku Allied Health Practitioners Council of Zimbabwe kuti aziona odwala amadzera kuno, kenako n'kukagwira ntchito moyang'aniridwa asanapatsidwe chilolezo. Yachiwiri ndi MPhil, mastazi ya kafukufuku, imene pamwamba pake pali DPhil, yofanana ndi PhD. Kumeneko makalasi ndi ochepa kapena kulibe n'komwe, muli inu, supavaiza wanu ndi kafukufuku basi.

Kwa wofuna uphunzitsi, njira yoyamba ili ndi mbuna yake. Makosi amadya nthawi yonse, dissertation n'kutsalira semesita imodzi yomaliza. M'miyezi inayi kapena isanu munthu sangalembe pulopozo, kudikira chilolezo, kusonkhanitsa mayankho, kuwasanthula ndi kulemba chinthu choti magazini ya kafukufuku n'kuchilandira. Zotsatira zake n'zimene zadzaza mashelefu a m'malaibulale ambiri: mafomu 60 ogawidwa kwa ophunzira anzake, matebulo a mapesenti, machati ozungulira okongola, ndi mutu womaliza wolangiza boma kuti lichitepo kanthu. Digiri imatuluka ndithu. Koma komiti yolemba lekichala imatsegula CV n'kuthamangira pa tsamba la zimene munasindikiza, ndipo pamenepo pakakhala poyera, amene ali ndi pepala limodzi lokha m'magazini yodalirika amakupitirirani. Kukwezedwa kuchoka pa lekichala kufika pa senior lecturer mpaka pa upulofesa nakonso kumawerengera mapepala omwewo, ndipo mayunivesite ambiri tsopano akumafuna PhD. Mastazi yanu muione ngati makwerero opitira ku PhD.

Sitikunena kuti mastazi ya m'kalasi ndi yachabe. Imathandiza amene digiri yawo yoyamba inali yopepuka pa njira zofufuzira. Chofunika n'kuyamba dissertation m'semesita yoyamba, sukulu isanakuuzeni kuti yambani. MPhil nayo ili ndi vuto lake: palibe amene adzakuphunzitseni statistics pa bolodi, ndipo popanda mayeso okuthamangitsani, zaka ziwiri zimasanduka zinayi mosadziwika bwino.

Nkhani ya supavaiza ndiyo imaposa dzina la sukulu. Musanapereke fomu, lembani dzina la mphunzitsi amene mukumufunayo pa Google Scholar. Onani ngati watulutsa kanthu m'zaka zitatu zapitazi, m'magazini ati, ndiponso ngati mayina a ophunzira ake amaonekera pa mapepalawo. Kenako kakumaneni naye. Mufunseni mwaulemu kuti pakali pano akuyang'anira ophunzira angati, ndi angati anamaliza chaka chatha, ndipo mutu umodzi mukamupatsa amabweza patatha masiku angati. Ena amaona ngati kufunsa zimenezi ndi chipongwe kwa munthu wamkulu, koma safunsa anadya phula. Aphunzitsi ambiri m'dziko muno ali ndi makalasi a anthu mazanamazana, ena amagwira maganyu kwina kuti malipiro akwane, ndipo ena amanyamuka kupita ku South Africa, Botswana, Namibia kapena UK chaka chili pakati. Choncho pemphani supavaiza wachiwiri kuyambira pachiyambi, ndipo mukatha kukambirana kalikonse, tumizani imelo yachidule yonena zimene mwagwirizana. Woyamba akachoka, wachiwiri apeze poyambira, asakuuzeni kuti musinthe mutu wonse.

Pamene maphunziro a kuno amapunduka kwambiri ndi pa masamu a kafukufuku. Kosi imodzi ya njira zofufuzira, yokhala ndi maola ochepa a SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala, siikwana. Wofuna uphunzitsi ayenera kutuluka akudziwa njira zosanthulira manambala monga multiple regression, logistic regression, factor analysis, ndi zochita mayankho ena akasowa pa fomu. Aziyambanso wawerengera kuti akufunika anthu angati asanapite kumudzi. Pulogalamu yaulere ya G*Power imachita zimenezi m'mphindi ziwiri. Mukafuna kufananitsa magulu awiri ndipo mukuyembekeza kusiyana kwapakatikati, d ya 0.5 (d ndi muyeso wa kukula kwa kusiyanako), pa alpha ya 0.05 (mpata woti munene kuti pali kusiyana pamene kulibe) ndi power ya 0.80 (mpata woti muone kusiyana kumene kulipodi), mukufunika anthu 64 gulu lililonse, onse pamodzi 128. Kusiyanako kukakhala kochepa, d ya 0.2, nambala imakwera kufika pa 394 gulu lililonse. Kuti muone mgwirizano wa r ya 0.3 pakati pa zinthu ziwiri, mukufunika anthu pafupifupi 85. Tsono taonani mafomu 60 aja. Ngakhale kusiyana kutakhalapodi, mpata woti mukuone ndi wochepa, ndipo mukakuona mwina ndi mwayi chabe. Vutoli si la Harare yokha ayi. Mu 2015 gulu la Open Science Collaboration linabwereza kafukufuku 100 wa psychology amene anali atasindikizidwa kale m'magazini otchuka. Mwa oyambirirawo, 97 pa 100 alionse ananena kuti apeza zotsatira zooneka, koma pobwereza zinangotuluka pa 36 pa 100 alionse. Chiyambire pamenepo magazini abwino amafuna kuona kuti nambala ya anthu munaipeza bwanji, ndipo ambiri amakondwa mukalembetsa mapulani anu pa webusaiti ya Open Science Framework musanayambe.

Laisensi ya SPSS ndi yodula ndipo imathera pa geti la sukulu. Phunzirani jamovi kapena JASP, mapulogalamu aulere ogwira ntchito yomweyo, kenako R pang'onopang'ono. Zotero imasunga mabuku amene mwawerenga n'kukulemberani mndandanda wake m'kalembedwe ka APA 7. KoboToolbox imalola kudzaza mafomu pa foni popanda netiweki, n'kudzatumiza mukafika pamene pali intaneti, ndipo ndalama ya fotokope imapulumuka.

Nanga chabwino n'chiyani? Apa Harare ili ndi mwayi umene mizinda yambiri ya mu Africa ilibe. Kafukufuku wa matenda a maganizo amene dziko lonse lapansi likumudziwa anachitikira m'makiliniki a khonsolo omwe amayi athu amapitako ndi ana kusikelo. Friendship Bench inayambitsidwa ndi dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda ku Mbare mu 2006. Agogo aakazi ogwira ntchito zaumoyo m'madera anaphunzitsidwa kukhala pa benchi kunja kwa kiliniki ndi munthu wovutika ndi kufungisisa (kuganiza mopitirira muyeso), monga amanenera anzathu Achishona, n'kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzilimodzi m'maulendo asanu ndi limodzi. Mu December 2016 magazini ya JAMA inasindikiza zotsatira za kuyesa njirayi pa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 alionse anali adakali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pamene mwa amene sanakhale pa benchi anali pafupifupi 50. Chimodzi mwa zida zopimira zimene anagwiritsa ntchito, Shona Symptom Questionnaire ya mafunso 14, chinapangidwa konkuno ndi Vikram Patel ndi anzake ndipo chinasindikizidwa mu 1997. Kuchokera mu 2015 kunabweranso AMARI, pulogalamu yophunzitsa ofufuza za matenda a maganizo yotsogoleredwa ndi University of Zimbabwe, imene inaphatikiza Ethiopia, Malawi, South Africa ndi Zimbabwe.

Phunziro lake kwa wophunzira ndi ili: ntchito yambiri ya mtundu umenewu ili ku mbali ya zachipatala, ku Parirenyatwa ndi m'mabungwe ofufuza, osati m'makalasi a psychology okha. Wongokhala ku Mount Pleasant kudikira lekichala atha kumaliza digiri osakumana ndi aliyense wa anthu amenewa. Wochenjera amakafunsira ntchito ya research assistant, ngakhale ya miyezi itatu yofunsa anthu mafunso kapena kulowetsa mayankho mu kompyuta. Kumeneko ndiye amaona mmene pulotokolo yeniyeni imalembedwera, mmene mayankho amayeretsedwera, ndi mmene pepala limabwererabwerera kwa akonzi kanayi lisanatuluke. Kalata yokuchitirani umboni pofunsira PhD imachokeranso komweko.

Ife olankhula Chichewa tili ndi munda umene sunalimidwe kwenikweni. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo anthu athu ali m'malokeshoni, m'mafamu ndi m'migodi yakale, koma zida zopimira maganizo zimene zimagwiritsidwa ntchito kuno ndi za Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Ku Malawi zida za Chichewa zilipo: SRQ-20, ya mafunso 20 opima kuvutika maganizo, inayesedwa ku Thyolo ndipo zotsatira zinatuluka mu 2009, PHQ-9, ya mafunso 9, inayesedwa ku Lilongwe ndipo zinatuluka mu 2019. Koma Chichewa cha gogo amene anafika ku Salisbury (dzina lakale la Harare) m'ma 1960, ndi cha mdzukulu wake wobadwira ku Mufakose amene amasakaniza ndi Chishona m'chiganizo chimodzi, si cha ku Thyolo. Kuyesa ngati chida chimodzi mwa zimenezi chikugwira pakati pa Achewa a ku Harare ndi mutu wokwanira MPhil, ndipo ndi wosindikizika.

Kachitidwe kake n'kodziwika. Anthu awiri amamasulira chidacho payekhapayekha kuchoka m'Chingerezi. Mumaphatikiza zimene alembazo kukhala chimodzi, n'kupatsa munthu wachitatu amene sanaonepo choyambiriracho kuti abwezere m'Chingerezi. Kagulu ka namwino, katswiri wa chilankhulo ndi munthu wamba kamakhala pansi kuona pamene tanthauzo lasokonekera. Kenako mumayesa pa anthu khumi kapena khumi ndi asanu, funso lililonse n'kumufunsa woyankhayo kuti, "Agogo, mwamva kuti ndikufunsa chiyani pamenepa?" Pamene ambiri amagwa ndi pa mayankho. PHQ-9 imafuna munthu asankhe ngati vutolo linamuchitikira masiku angapo, kupitirira theka la masiku, kapena pafupifupi tsiku lililonse m'milungu iwiri yapitayi. Gogo amangoyankha kuti, "Eee, zimandichitikira mwanawe," basi. Wofunsa wotopa amangochonga pakati, ndipo manambala onse amaonongekera pomwepo. Yalani nyemba 14 pa tebulo, muwauze kuti nyemba iliyonse ndi tsiku, ndipo akankhire pambali masiku amene mtima unali wolemera. Pomaliza, zotsatira za chidacho muzifananitse ndi zimene wapeza dokotala kapena namwino wa matenda a maganizo amene wamufunsa munthu yemweyo mwatsatanetsatane asakudziwa malikisi ake. Malire a malikisi osonyeza kuti munthu akudwala amasuntha malinga ndi anthu: PHQ-9 m'maiko ambiri imadulira pa 10, koma itayesedwa mu Harare inadulira pa 11. Ndipo Cronbach's alpha yopitirira 0.70 imangosonyeza kuti mafunso akuyendera limodzi, siinena kuti akupima chimene inu mukuganiza.

Zilolezo zimadya nthawi kuposa mmene kalenda ya sukulu imasonyezera. Mumayamba ndi komiti ya dipatimenti yanu. Ngati mukufufuza pa Parirenyatwa pali komiti ya JREC, ndipo kafukufuku wokhudza umoyo wa anthu amapitanso ku Medical Research Council of Zimbabwe. Makiliniki a m'malokeshoni ndi a khonsolo, ndiye pamafunika kalata ya dipatimenti ya zaumoyo ya City of Harare. Masukulu a ana amafuna kalata ya unduna wa maphunziro a pulaimale ndi sekondale, chilolezo cha kholo, ndi kuvomera kwa mwana mwini. Wobwera ndi pasipoti ya dziko lina afunsiretu za Research Council of Zimbabwe. Makomiti ena safuna kuona fomu yanu popanda kalata ya komiti inzake, choncho funsani kuti woyamba ndani musanayambe kuzungulira. Patulani miyezi itatu kapena inayi. Mapulopozo amabwezedwa kawirikawiri pa zifukwa zitatu: fomu yopempha chilolezo cha wofunsidwa ili m'Chingerezi chokha, simunanene kumene mudzasunge mayankho ndi amene adzawaone (lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021 limakhudza zimenezi), kapena mulibe dongosolo la munthu amene wavomera funso lachisanu ndi chinayi la PHQ-9, lija la maganizo ofuna kudzipha. Pamafunika dzina la kiliniki, amene adzamuperekeze, ndi kuti zichitike tsiku lomwelo. Ndipo musayerekeze kuyamba kufunsa anthu kalata isanatuluke, chifukwa magazini abwino amafuna nambala ya chilolezo ndi deti lake.

Mukakafufuza pakati pa anthu athu, kalata ya boma yokha siitsegula pakamwa. Pitani kwa akuluakulu a mpingo wa CCAP, kwa mashehe, kwa atcheyamani a mabungwe a maliro, ndi kwa eni dambwe ngati nkhani yanu ikukhudza gule. Anthu amene anakhala zaka zambiri ndi chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo samasuka msanga akaona munthu wanyamula fomu ndi cholembera.

Pa kusindikiza chenjerani ndi magazini achinyengo, aja amakutumizirani imelo yokutamandani n'kulonjeza kuti pepala lituluka mlungu umodzi mukalipira. Makomiti olemba ntchito anawazindikira, ndipo pepala lotere limadetsa CV m'malo moikometsa. Onani ngati magaziniyo ili pa mindandanda ya magazini odalirika ya Scopus kapena DOAJ, kapena pa mndandanda wa DHET, dipatimenti ya maphunziro apamwamba ya ku South Africa. Journal of Psychology in Africa ndi South African Journal of Psychology ndi malo oyenera kuyambira. Kudikira miyezi ingapo n'kulandira masamba awiri a zoti mukonze ndi mmene zimakhalira, musakhumudwe. Gwirizananinso ndi supavaiza pachiyambi pomwe kuti pa pepala lochokera mu thesis yanu dzina loyamba likhala lanu.

Fizi imasintha kawirikawiri, makamaka chibwerereni ndalama ya ZiG mu April 2024, ndiye tengani mtengo wolembedwa ku ofesi ya zachuma ya sukuluyo. Chimene ambiri amaiwala ndi ndalama ya kafukufuku mwini: makombi anu, thiransipoti yobwezera ofunsidwa, ndalama ya makomiti a zilolezo, ndi kulemba zojambulidwa. Ola limodzi la mawu limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba, kumasulira kusanayambe. Anthu 20 a ola limodzi aliyense ndi maola pafupifupi 100 muli pa kompyuta, magetsi a ZESA akuzimazima. Sungani ntchito yanu malo atatu: mu laputopu, pa flash, ndi pa intaneti.

Unzika wanu umakhudza thumba. Ndime 43 ya malamulo a 2013 inapereka unzika wobadwa nawo kwa amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lawo lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iwo ankakhala konkuno. Ngati chitupa chanu sichinasinthidwe, konzani musanalembetse, kuopa kulipiritsidwa ngati mlendo. Pa masikolashipu a PhD kapena mastazi yachiwiri kunja, pasipoti imasiyanitsa: a Commonwealth amalandira nzika za Malawi, koma Zimbabwe inatuluka m'bungwelo mu 2003. Beit Trust imathandiza nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo Canon Collins imathandiza ofuna kukaphunzira ku South Africa. Wobwera ndi digiri ya ku Zomba kapena ku Mzuzu adutse ku ZIMCHE kuti aiyerekeze ndi za kuno, pakuti kuno amayankhula za honours ndi 2.1 kapena 2.2, pamene ma digiri ambiri a ku Malawi analembedwa distinction, credit kapena pass.

Chomaliza chimene mastazi siiphunzitsa ndi kuphunzitsa kumene. Palibe kosi yokuuzani mmene mungakonzere ndondomeko ya semesita, kufunsa mayeso, kapena kuchonga mapepala 200 mofanana. Pemphani mkulu wa dipatimenti kuti akupatseni matutoriyo a chaka choyamba kapena ntchito ya teaching assistant, ndipo musunge ndondomeko ya kosi, mafunso amene munakonza ndi ndemanga za ophunzira. Mayunivesite ena amafunanso dipuloma ya kaphunzitsidwe ka maphunziro apamwamba, imene mungaichite mutalembedwa kale.

Tsono tingamulimbikitse ndani? Amene mutu wake uli pa matenda a maganizo, umoyo wa anthu m'madera, HIV, achinyamata kapena kuyesa zida m'zilankhulo zathu, ndipo wapeza supavaiza wosindikiza, apindula kwambiri ndi Harare pa mtengo wotsika kuposa kunja. Amene mtima uli pa neuroscience kapena cognitive psychology yofuna labu ya makina opimira ubongo aganizire za Cape Town, Stellenbosch kapena Wits. Amene akungofuna digiri ya Loweruka ndi Lamlungu kuti akwezedwe pa ntchito aipeza mosavuta, koma asaiyese tikiti ya ulekichala. Ndipo amene akulinga zokaphunzitsa ku Malawi akamaliza, asunge transcript, ndondomeko za makosi onse ndi kalata yosonyeza kuti pulogalamuyo inali yovomerezedwa, chifukwa a National Council for Higher Education ku Lilongwe adzafuna kuyerekeza digiriyo ndi za kumeneko.